Nkhoswe ya Tusekele

South Bend, Indiana
8 Okutobala 2023

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalata iyi ikupezani muli bwino ku Chilomoni, ndipo mawondo aja akupatsaniko mpata. Kuno ine ndi a Shadrick tili bwino, kungoti kwayamba kuzizira. Ndikulemba pamanja monga mumafunira. Ndikudziwa kuti pafoni simundimva chifukwa cha makutu, komanso simufuna kuti nkhani zathu zizidutsa m'mafoni a anansi.

Amayi, ndaonera kanema, ndipo sakundichoka m'mutu. Anandikokera kumeneko ndi Chrissie, mnzanga wa ku Ndirande amene timagwira naye ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Tinatenganso Shalom wa ku Congo. Ine ndinavomera chifukwa kunali kwaulere. Kanemayo ndi wa ku France, anthu akulankhula Chifalansa, Chingerezi chikudutsa m'munsi. Nkhani yake ndi ya amayi ochapa nsalu za m'zipatala pafakitale ina. Pali pena pamene mayi wina akukankha yekha ngolo ya nsalu zonyowa, ngolo yofunika anthu awiri. Akuima, kugwira m'chiuno, kuyang'ana kuofesi ya bwana, kenako n'kupitiriza.  Chrissie anandigunyuza ndi chigongono n'kunena kuti, "Tuse, uyo ndi iwe, angokuyeretsa khungu." Shalom amamva Chifalansa, ndiye ankayamba kuseka mawu a Chingerezi asanatuluke. Akuti amayiwo ankamutukwana bwanayo zenizeni, koma omasulira anachita manyazi. Kumapeto anasiya ntchito onse pamodzi, anavutika nyengo yonse yozizira, koma bwana anakhala nawo pansi.

Tikutuluka m'holomo palibe amene ankaseka. Kuntchito kwathu timachotsa agogo pabedi kuwaika pampando ndi makina onyamulira. Lamulo la pakhoma limati makinawo aziyendetsedwa ndi anthu awiri. Koma m'khonde lonse umakhala wekha. Ukati udikire mnzako, gogo amagona ponyowa mpaka masana. Ndiye tonse timanyamula tokha, ndipo mabwana amadziwa. Msana wa Shalom watha. Za kupita padera kwanga chaka chatha, madokotala akuti chifukwa chake sichidziwika, choncho sindinena kuti ndi ntchitoyi. Koma ndimaganiza.

Tsopano tayamba kukumana kwa Chrissie Lachitatu lililonse: ine, Chrissie, Shalom ndi Theresa wa kukhitchini. Tikufuna yuniyoni, bungwe lotiimira ife antchito. Tikusayinitsa anzathu timakadi mwakachetechete, ndipo tikachuluka padzakhala voti. Mabwana sakudziwa. Ngakhale a Chester sitinawauze. Ndi nkhoswe yanga, inde, anandiimira paukwati m'malo mwa amalume, koma kuntchito ndi supavayiza, ndiwo amakonza mashifiti athu.

Ndili ndi pempho. Inu munali pafakitale ya nsalu nthawi ya sitiraka ya 1992. Ndikudziwa kuti ndi chaka chimene tinataya amalume Alufeyo ndipo simukonda kuchikamba. Koma ndiuzeniko mbali inayo: munagwirizana bwanji amayi nokhanokha? Anayamba ndani? Ndikufuna kuwauza anzangawa kuti nanenso ndine mwana wa munthu.

Mwana wanu,
Tusekele


Lawrence, Indianapolis
15 Okutobala 2023

Tuse,

Moni kwa iwe ndi alamu anga a Shadrick. Kuno tili bwino. Ndawerenga imelo yako ya kanema ndi yuniyoni, ndipo panthawi yopuma kulaibulale ndafufuza zimene lamulo limanena. Ndikuuze mosabisa.

Lamulo la dziko lino silola kuti munthu achotsedwe ntchito chifukwa chosonkhanitsa anzake kuti apange yuniyoni. Zimenezo ndi zoona. Koma palibe bwana amene amalemba chifukwa chimenecho pakalata yochotsa munthu. Amafunafuna china, ndipo iwe wandiuza wekha kuti tsiku lililonse umaswa lamulo la anthu awiri. Ukadandaula kuofesi ya boma yoona za ntchito, mlandu umatenga miyezi, nthawi zina zaka, lendi ikukudikira. Kanema amadumpha miyezi imeneyo ndi nyimbo. Iwe sudzaidumpha.

Sindikukuletsa. Chimene mukufunacho n'choyenera, ndipo ndikanakhala kumeneko ndikanasayina. Ndikungoti mayina anu asatuluke voti isanaitanidwe. Mwachita bwino kuwabisira a Chester. Ndi munthu wabwino, koma malipiro awo sachokera kwa ife.

Chinanso: amayi usawauze. Iwe unali khanda la kumbuyo pamene amalume Alufeyo anabwera nawo kunyumba atakutidwa ndi chitenje. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndinaona. Kwa amayi mawu akuti sitiraka satanthauza timakadi ndi voti.

Loweruka ndipita ku Lafayette Road kukagula usipa ndi nyemba. Ngati ukufuna ndikutengereko unene.

Mkulu wako,
Atupele


Chilomoni, Blantyre
31 Okutobala 2023

Mwana wanga Tusekele,

Moni mwa Ambuye. Ine ndili bwino, mawondo ndi omwewo, sindiwawerengeranso. Kuno kwatentha moti madzi a m'mpopi akutuluka ngati ophitsa. Apatse moni amuna ako.

Kalata yako ndailandira dzana. Ndinaiwerenga ndili chilili, kenako ndinakhala pansi.

Wafunsa kuti anayamba ndani. Sindikudziwa, mwanawe. Mmene makina ankalirira m'fakitale muja, munthu sunkamva ngakhale mawu ako, ndiwo anatha makutu angawa. Tinangoona anzathu akuvula maepuloni, ifenso tinavula. Tinatuluka tikuimba. Tsiku loyamba kunali kokoma, sindikunamiza. Tinkaona ngati msewu wonse ndi wathu. Tsiku lotsatira anthu anachuluka, ena osadziwa n'komwe kuti fakitale ili kuti, masitolo anayamba kuswedwa, ndiye mfuti zinalira. Malume ako Alufeyo sanali wa pafakitale. Ankachokera kumsika ndi njinga yake. Njingayo inabwera yabwinobwino, ngakhale belu silinawonongeke. Malipiro anatikwezeradi. Ndinagulira sopo.

Iwe wakaonera kanema wa azungu basi mtima wakwera. Azunguwo ali kwawo. Iwe uli kwa eni, kumene timamva kuti mfuti aliyense ali nayo m'galimoto. Ndinataya mlongo wanga pamsewu wa kwathu konkuno. Ndikataye mwana pamsewu umene sindingathe n'kuutchula komwe?

Ndipo chandipweteka kwambiri n'chakuti wawabisira a Chester. Unaona kuti munthu akulowa m'nkhani yaikulu nkhoswe yake isakudziwa? Nkhoswe si ya tsiku la keke lokha ayi. Ndiyo imathamanga moto ukabuka. Popeza ine sindingafike kumeneko, dzulo ndinapita kwa mayi awo a Chester kuseri kwa tchalitchi, ndinawapempha kuti awaimbire mwana wawo. Anaimba ine ndili pomwepo, anawawerengera kalata yako yonse kuti amve bwino nkhani yake ndi anzako amene uli nawo. Ine sindinamve zimene anayankha, koma mayi awo akuti anati, "Auzeni amayi asadandaule, ndikonza."

Usakwiye. Ukadzabereka udzamvetsa. Undilembere msanga.

Mayi ako


South Bend
15 Novembala 2023

Asisi,

Moni. Pepani sindinayankhe foni zanu, mawu sakutuluka bwino. Kulemba kuli bwinoko. Andifaya dzulo.

Ndiyambe poyambira. Kumayambiriro kwa mwezi uno a Chester anandiitana muofesi mwawo. Anatseka chitseko n'kunena kuti, "Mlongo wanga, lero ndikulankhula ngati nkhoswe, osati ngati supavayiza."

Ndinati, "Nanga bwanji tili muofesi, ankolo?"

Sanaseke. Anati amva kuti pali timisonkhano ta Lachitatu, ndipo anatchula mayina onse anayi osaphonya. Ndinafunsa amene wawauza. Anati, "Mphepo ilibe dzina. Zisiyeni zimenezi, zinazo ndikonza ine." Ndinatuluka osavomera, osakana.

Sabata yotsatira kunabwera anthu awiri a masuti ochokera kulikulu la kampani. Anatigulira madonasi, n'kumatiitana mmodzimmodzi kutifotokozera kuti tonse ndife banja limodzi. Shalom amudulira maola. Theresa amusamutsira kunyumba ina ya kampani yomweyo, kumene basi sifika, pamene galimoto alibe. Chrissie amupatsa chenjezo lomaliza chifukwa chochedwa mu Ogasiti, nkhani imene aliyense anali ataiwala.

Ine anandidikira pamakina. Lolemba m'mawa gogo wina wa kumapeto kwa khonde anali atadzinyowetsa, akulira, akundiitana dzina. Ndinaliza belu loitanira mnzanga, sanabwere munthu. Ndinawanyamula ndekha monga mwa masiku onse, bwinobwino, ngakhale kukandika sanakandike. Nditacheuka ndinaona dayilekita, bwana wamkulu wa nyumbayo, ataima pakhomo ndi foni m'manja. Dzulo anandipatsa pepala lakuti ndinaika moyo wa wokalamba pachiswe. Zaka zisanu ndi chimodzi, asisi. Anandiperekeza mpaka pagalimoto ngati ndaba. Sanandilole n'komwe kumutsanzika gogo uja.

Munanena, ndipo sindikufuna kuti munenenso. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi chimodzi: ndani anapereka mayina? Tinali anayi okha odziwa zonse.

Kwa amayi sindinalandirebe yankho. Inde, ndinawalembera kale za yuniyoni, imelo yanu isanafike. Koma kalata ya ku Chilomoni ingakhudzane bwanji ndi ofesi ya ku South Bend?

Tuse


South Bend
27 Novembala 2023

Asisi,

Moni. Ndili moyo.

Lamulungu lija la pa 19, titatuluka m'tchalitchi, amayi a Chimalawi anali pakona pawo pa masiku onse, akugawana za mbale zodzabweretsa pa chikondwerero cha Thanksgiving. Nditafika nkhani inazima ngati magetsi. Ndinapereka moni, anayankha awiri okha. Chrissie ndinamutsatira mpaka kokwerera galimoto.

Ndinati, "Chrissie, mafoni anga sukuwaona?"

Anati, "Ndikuwaona, madamu."

"Ndiye?"

"Ndiye chiyani? Pa anayi tonsefe, ndani ali ndi nkhoswe kuofesi? Ine ayi. Shalom sadziwa n'komwe kuti nkhoswe n'chiyani. Theresa akudzuka mbandakucha kusaka lifiti chifukwa cha pakamwa pa munthu wina."

Ndinati, "Koma wachotsedwa ndine!"

Anati, "Fisi sasankha mbuzi, Tuse. Amadya ndi imene yamutsegulira khola." Analowa m'galimoto. Asanatseke chitseko anawonjezera kuti, "Ndipo ndine chitsiru ine amene ndinakutengera ku kanema."

Anthu amene anasayina timakadi akubwera kwa Chrissie kudzapempha kuti awabwezere. Akuti sangaike dzina lawo pamene pali wina wonyamula nkhani. Voti ija kulibenso.

Ndinalumbira pamaso pa a Shadrick kuti ndikamupeza wapakamwayo ndimuvula pagulu. Loweruka kalata ya amayi yafika. Yayenda pafupifupi mwezi, pamene uthenga wawo kwa a Chester unafika tsiku lomwelo. Ndajambula, ndakutumizirani. Werengani nokha.

Ndaiwerenga kangapo. Ndikafika pa belu la njinga ndimasiya.

Tuse


Lawrence, Indianapolis
4 Disembala 2023

Tuse,

Moni mng'ono wanga. Udye, ngakhale usakufuna.

Loweruka ndinabwera ku South Bend osakuuza. Sindinafike kwanu chifukwa ndinkafuna kumva a Chester kaye, ndipo nditawamva ndinalibe nkhope yoti ndibwere nayo. Ndikulembera zimene ananena mmene ananenera, uweruze wekha.

Ndinawapeza akuchotsa chipale chofewa pakhomo. Ndinawafunsa mwachindunji ngati ndiwo anapereka mayina kwa dayilekita. Anati, "Kupereka ayi, Atupele. Ndinapita kukapepesa."

Ndinati andifotokozere.

Akuti atalandira foni ya mayi awo anasinkhasinkha masiku awiri. Kenako anavala jekete, anakagogoda kwa dayilekita, n'kumuuza kuti kwathu pakakhala kusamvana m'banja, nkhoswe imakhazika mbali zonse pansi nkhani isanakule. Anati, "Awa ndi ana anga. Ali ndi madandaulo enieni, anthu ndi ochepa m'makonde. Ndabwera kudzawapepesera kuti tikambirane mwamtendere." Dayilekita anawathokoza kwambiri, anati n'chikhalidwe chokongola, n'kufunsa kuti anawo ndi ati, kuti awaitane adzamve maganizo awo. A Chester anatchula. Iye analemba.

Ndinati, "Ankolo, mwakhala kuno zaka makumi awiri. Munaganiza kuti kampani ndi apongozi?"

Anatsamira fosholo. Kenako anati, "Anandigwira chanza, Atupele. Ndi manja awiri."

Ndikuwakhulupirira, ndipo zimenezo sizikuchepetsa kanthu. Ndinawapempha kuti akauze Chrissie kuti nkhani sanaimve kwa iwe. Akana. Akuti akatero afunsidwa kumene anaimva, ndipo nkhoswe siulula amene waituma. Aopanso ntchito yawo, ngakhale zimenezo sananene.

Maganizo anga ndi awa. Choyamba, kadandaule kuofesi ya boma. Zimene a Chester anandiuza zikusonyeza kuti dayilekita ankadziwa za yuniyoni asanakuchotse. Kaya adzavomera kuzinena pamaso pa ofufuza, sindikudziwa. Chachiwiri, muonetse Chrissie kalata ya amayi. Ili ndi deti, ili ndi chidindo cha positi, ikunena zonse. Dzina lako liyera tsiku lomwelo. Ndalembanso kalata yopita ku Chilomoni yofotokoza zimene zachitika, popanda kukalipa, mfundo zokhazokha. Amayi ndi munthu wamkulu. Ayenera kudziwa zotsatira za zimene anachita. Sindinaitumize, ndikudikira mawu ako.

Atupele


South Bend
5 Disembala 2023

Kwa Amayi a Tusekele,

Ndikupereka moni m'dzina la Ambuye wathu. Ndatumiza kalatayi pafoni ya mayi anga kuti akusindikizireni, muwerenge nokha.

Ntchito imene munandituma ndagwira monga ndinathera. Za sitiraka zija zatha, palibe amene anapita pamsewu, palibe amene wavulala. Mwana wanu ali bwino m'thupi. Pakali pano akupumako kaye kuntchito kuja, ndipo tikupemphera kuti Mulungu atsegule khomo lina. Zina ndi zina sizinayende mmene ndinkafunira, koma m'dziko la eni munthu suona zonse.

Mundikumbukire m'mapemphero.

Ine wanu,
Chester


South Bend
10 Disembala 2023

Asisi,

Moni. Ndadya, musadandaule.

Kuofesi ya boma ndapita, ndalemba dandaulo. Mayi wa kumeneko anali waulemu, anati ndidikire. Ndayambanso kuapulaya m'malo ena, koma South Bend ndi mudzi, ndipo pepala lija lakuti ndinaika wokalamba pachiswe limafika ine ndisanafike.

Za kalata ya amayi, ayi. Ndakhala nayo m'chikwama sabata yonse. Lachinayi ndinafika mpaka pakhomo pa Chrissie, ndinazimitsa galimoto, ndinaona makatani ake. Kenako ndinawerenga njira imene nkhaniyi ingayende. Chrissie akaiona, auza Theresa, chifukwa ayenera kumuuza. Auzanso azakhali ake a ku Ndirande, amene amaimba kwaya imodzi ndi theka la amayi a ku Chilomoni. Lisanathe Lamulungu, wina adzawakhalira amayi pafupi n'kuwakuwira m'khutu, popeza kunong'ona samva, kuti, "Akuti ndinu munachotsetsa mwana wanu ntchito ku America, ndi anzake omwe!" Tchalitchi chonse chikumva.

Inu mumakhulupirira kuti munthu akadziwa zoona zimamuthandiza. Nthawi zambiri mumakhoza. Koma ndiuzeni chimene amayi adzachite nazo zoonazi. Ntchito sangandibwezere. Voti sangaibwezere. Adzangokhala m'nyumba muja okhaokha, m'chete mmene amakhalamo kale, n'kumaganiza kuti anathamanga kukapulumutsa mwana n'kumugwetsa okha. Ali ndi mtembo umodzi kale umene amaunyamula. Sindiwawonjezera.

Ndipo Chrissie sakulakwitsa kwenikweni. Tinagwirizana kuti mayina asatuluke m'chipinda chija. Anawatulutsa ndani, si ine m'kalata yanga kwa amayi?

Kalata yanu ija musatumize. Ndikupempha ngati mng'ono wanu, ndipo ngati sizikwanira, ndikukuletsani ngati mwini nkhani.

Shalom ndinakumana naye pamalo okwerera basi m'tauni. Anandiyang'ana, ndinamuyang'ana. Ananena mawu amodzi a Chifalansa n'kukwera. Panalibe womasulira, koma ndinamva.

Tuse


Chilomoni, Blantyre
18 Disembala 2023

Mwana wanga Tusekele,

Moni mwa Ambuye, iwe ndi amuna ako. Kuno mvula yagwa bwino, chimanga cha kuseri kwa nyumba chafika m'mawondo. Kalata iyi ndapatsira mwana wa a Lucia amene akubwerera kusukulu ku Indiana, ndiye ifika msanga.

Sunandiyankhe, ndikudziwa wakwiya. Kwiya, bola uli moyo. Ndalandira uthenga wa a Chester kuti zonse zatha mwamtendere. Mwanawe, kuchokera tsiku limene ndinawerenga kalata yako ija sindinkagona. Ndikatseka maso ndinkaona msewu. Tsopano ndikugona mpaka dzuwa kundipeza pabedi. Lamulungu ndinaimirira m'tchalitchi kupereka umboni kuti Mulungu wandilanditsira mwana kudzera mwa nkhoswe yokhulupirika, ndipo amayi onse anaimba nane.

Akuti ukupumako kuntchito. Wachita bwino, thupi si chitsulo. Mwina mpumulo umenewu ndi umene ubweretse chimene tikuchidikira.

Tsono pali mwambo, usauiwale chifukwa cha ukali. Nkhoswe ikazimitsa moto imathokozedwa. Ine kuno ndapereka kale tambala kwa mayi awo. Iwe ndi amuna ako mugule nkhuku, mupite kunyumba kwa a Chester, ugwade, uthokoze. Usatume munthu, usaimbe foni. Upite wekha ndi miyendo yako. Ukachita undilembere, kuti mtima wanga ukhale pansi kwathunthu.

Anzako aja, Chrissie ndi enawo, uwapatse moni. Uwauze kuti mayi wina ku Chilomoni amawapempherera powatchula mayina.

Mayi ako


Lawrence, Indianapolis
3 Januwale 2024

Tuse,

Moni, ndipo chaka chabwino, ngati mawuwo ali ndi ntchito. Ndaona kalata ya amayi imene wanditumizira.

Sukuyenera kupita kwa a Chester. Palibe mwambo umene umati munthu athokoze chifukwa chogwetsedwa. Ukhoza kuwalembera amayi kuti wapita, iwo sadzadziwa. Koma ndikudziwa kuti adzafunsa mayi awo a Chester, ndiye bodzalo silikhalitsa. Ndaganizira njira zonse ndipo sindinapeze yabwino. Sizichitika kawirikawiri kuti ndisowe chonena.

Kalata yanga ija ndaing'amba. Sindikugwirizana nawe, koma nkhani ndi yako.

Kuno kuli nyumba yosamalira okalamba pafupi ndi Fort Harrison imene ikufuna anthu. Ndalankhula ndi mnzanga amene amagwira kumeneko, akuti ubwere udzafotokoze wekha za pepala lija. Chipinda cha ana chili ndi bedi lapansi. A Shadrick akhoza kumabwera kumapeto kwa sabata mpaka mutaona chochita. Ana akufunsa kuti anti abwera liti, m'Chingerezi chawo chija.

Atupele


South Bend
14 Januwale 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo chimanga chikukula. Ife tili bwino. Pepani pochedwa kuyankha. Sindinakwiye.

Zimene munandituma ndachita. Dzulo masana ine ndi a Shadrick tinapita kwa a Chester. Nkhuku yamoyo kuno ndi yovuta kupeza, ndiye tinagula yokonzakonza, yaikulu bwino. Anatilandira pabalaza. Ndinagwada, ndinapereka ndi manja awiri, ndinati, "Ankolo, amayi andituma kuti ndidzathokoze." Iwo anati ndidzuke, ndinati mwambo sunathe. Anailandira. Misozi inawavuta. Akazi awo anatipatsa tiyi. Choncho mtima wanu ukhale pansi, zonse zachitika mwa dongosolo lake.

Nkhani ina ndi yakuti ndikusamukira ku Indianapolis kwa asisi kumapeto kwa mwezi uno. Kuli ntchito ina kumeneko. A Shadrick atsala kaye kuno. Makalata muzitumiza pa adiresi ya asisi.

Moni wanu kwa Chrissie ndi anzanga ena sindinapereke. Masiku ano sitikuonana, aliyense watanganidwa. Koma musasiye kuwapempherera, makamaka Shalom, msana ukumuvuta, ndi Theresa, amene amayenda ulendo wautali kupita kuntchito. Ndi amayi abwino. Sanandilakwire chilichonse.

Ndasangalala kumva kuti mukugona. Muzigona, amayi.

Mwana wanu,
Tusekele